Mtsuko wa Misundu Kuseri kwa Chigafa

Lolemba, 9 Sepitembala

Zolemba m'kope muno anandiuza ndi anamwino a ku chipatala cha ku boma. Akuti tsiku lililonse ndizilemba ngati abambo a Miriam amwa piritsi, ndi m'mene mwendo wadzukira. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Anati: "Amayi Zelesi, zilembo zipindike, bola tsiku lilembedwe."

Mwendo wakumanzere. Kutupa kuyambira m'bondo mpaka m'kakolo. Wotentha, wonyezimira. Akuti magazi anaundana mu mtsempha wam'kati. Chinayambitsa ndi lole ya fodya: masiku atatu ali pamwamba pa mabelo, miyendo yopinda, kudikira mzere wa ku okushoni.

Adokotala akuti chibuma chimenechi chikathothoka n'kukafika m'chifuwa, munthu amangogwa. Mawu amenewa sakundichoka m'mutu.

Mapiritsi ake ndi oti magazi asaundane. Limodzi m'mawa uliwonse, ndiwapatse ndi dzanja langa, ndione akumeza. Asatemedwe, asadzicheke. Lezala ndabisa m'denga. Ndevu zimere, palibe kanthu.

Ndayeza katumba ndi chingwe cha pa belo, ndamanga mfundo pamene chakumana.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Piritsi amwa. Chingwe chikadali pa mfundo.

Ku dimba ndekha. Mabedi asanu ndi limodzi a mbande za fodya, kuthirira m'mawa ndi madzulo. Makheni awiri, ulendo ndi ulendo wa ku chitsime. Phewa lakumanja layamba.

Iwo pakhonde, mwendo pa mtondo wogadabuza. Akundiwerengera maulendo ali pomwepo. Akuti: "Bedi la kumapeto lija mumalinyenga, ndikudziwa." Zoona ndimalinyenga. Ndimafikako madzi atatha, manja atathanso.

Atsokomola kawiri masana. Fumbi kapena chibuma chija? Ndinawafunsa ngati m'chifuwa mukubaya. Anati ndizikafunsa nkhuku.

Sopo wakweranso.

Loweruka, 14 Sepitembala

Piritsi amwa.

Kwabwera Miriam, mwana wathu woyamba, amene amagwira ntchito ku labu ku boma. Wabwera ndi abwana ake, a Gomezgani, a kumpoto, Chichewa chawo chokoka. Ndimayesa adzaona mwendo. Mwendo anauona, koma chimene anadzera ndi misundu. Yomwe ija ya m'chitsime cha ku dimba, yotiluma tikamatunga madzi.

Ndilembe m'mene ndinamvera, ndisanaiwale. M'malovu a msundu muli kanthu, amakatcha puloteni, koletsa magazi kuundana. N'chifukwa chake pamene waluma pamachucha mpaka madzulo. Zimenezo ndikuzidziwa ndi miyendo yangayi. Tsono kunja anthu anaphunzira kupanga kanthu komweko m'labu, ndi yisiti. A Gomezgani ali nako m'kabotolo. Akufuna kuyerekeza, kopangako ndi ka msundu wa kuno kwathu, kuti ndi kati kamene kamagwira magazi nthawi yaitali osaundana. Zonse m'timabotolo tagalasi. Munthu sapatsidwa.

Abambo a Miriam anatchera khutu. Anati: "Ndiye kuti mapiritsi angawa ndi fotokope ya msundu wa m'dimba mwanga?" Miriam anati ayi ababa, mapiritsi ndi mankhwala ena, kungoti ntchito yake ikulowera kumodzi. Tinaseka tonse.

Akufuna misundu 30. Yanjala yokhayokha, woyamwa kale magazi ulibe ntchito. Ndiisunge mu mtsuko, madzi a m'dambo, nsalu yomanga pakamwa, pamthunzi. Adzatenga pakatha masabata awiri. Akuti adzandipatsa kangachepe.

Andisiyira magambutsi kuti isandilume. Aakulu, a mwamuna. Ndafutsa nsanza kutsogolo.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Piritsi amwa. Chingwe chapitirira mfundo pang'ono, ngati chikhadabo. Kapena ndakoka kwambiri ndine?

Misundu 7. Njira yake: chiguduli pa ndodo, kuvundula madzi. Imabwera yokha, imayesa ng'ombe yalowa. Imamata pa chiguduli ndi pa gambutsi, ine n'kumaichotsa ndi supuni. Zaka zonsezi kuithawa, lero kuiitana.

Amayi a pa dimba loyandikana anandifunsa ngati kwathu ndiwo zatha.

Mtsuko uli kuseri kwa chigafa. Ndauona kanayi lero. Nanga nkhuku zikaugubuduza? Nanga ikafa ndi kutentha, Miriam n'kuchita manyazi kwa abwana ake? Ndaikapo mwala.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Piritsi amwa. Misundu 19.

Kunabwera alangizi a fodya. Anayenda mabedi onse, anaima pa lakumapeto. Akuti mbande zatsalira, zikapitirira chonchi mvula yoyamba idzatipeza tilibe chowokera. Anadzanenanso pakhonde, pamaso pa mwini wake. Abambo a Miriam anangoyang'ana mwendo. Masana sanadye.

Madzulo nkhani ya malemu abambo awo, amene ankalumika anthu. Kutema timphini pamene patupa, kuika nyanga, kuyamwa mpweya ndi pakamwa, kutseka ndi phula. Magazi akuda n'kudzaza nyanga. Akuti anthu ankachokera ku Lisasadzi konse, kubwera pa ngolo, kubwerera wapansi. "Magazi oipa satuluka ndi piritsi. Piritsi limalowa, silitulutsa ngati nyanga."

Ndinati nthawi imeneyo inapita. Anati inde inapita. Kenako anafunsa misundu yakwana ingati.

Lolemba, 23 Sepitembala

Piritsi amwa. Misundu 25. Umodzi unafa, ndautaya.

Chingwe: chala chimodzi. Ndinawaonetsa kuti taonani zikusintha. Anati: "Masabata awiri chala chimodzi. Pofika Khirisimasi mwina tidzakwanitsa dzanja."

Phewa likukana kukweza kheni yodzaza. Ndikutunga theka-theka. Maulendo achuluka.

Dzulo ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Maganizo ku khonde. Nanga akagwa ndili kuno, ndani aona?

Lachitatu, 25 Sepitembala, masana

Piritsi amwa m'mawa, ndinaona akumeza.

Popita ku dimba misundu inali 28. Ndinawerenga kawiri posintha madzi. Pobwera 24. Nsalu yomanga, mwala uli pamwamba pake. Yatuluka bwanji? Ndafufuza m'chigafa monse, pansi pa milimo yoyanikira fodya, m'mphepete mwa khola. Dzuwa lonseli ikanauma panjira, ndikanaiona.

Mfundo ya pa nsaluyo si yanga. Ine ndimamanga kawiri.

Pakhonde palibe munthu, mtondo wokha. Chitseko chotseka, akuti mutu, ndisawasokoneze. Iwo sagona masana, chikwatirane

Loweruka, 28 Sepitembala, ku chipatala

Kope ndinaliiwala pa mpando. Labwera lero ndi alamu anga, a Tsoka, pamodzi ndi ufa ndi nkhuni.

Ndilembe za Lachitatu.

Ndinakankha chitseko. Ali pa mphasa, msana ku khoma. Mphasa yofiira mpaka pansi. Chitenje changa chomanga pa katumba, china chonyowa chili pambali, malaya awo a ku munda nawonso. Nkhope ngati phulusa. Anati: "Musachite phokoso, amake Miriam. Oipa aja akutuluka."

Misundu inayi ija anaiika pa mwendo nditangotsika ku dimba. Itakhuta anaichotsa ndi fodya wosinja, monga timachitira tonse. Pa mabala anathirapo fodya yemweyo ndi phulusa. Masiku onse zimathandiza. Koma magazi a munthu womwa mapiritsi aja, kuonjeza malovu a misundu inayi. Kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kupendeka, kuchucha osaleka. Timabowo ting'onoting'ono, tinayi basi.

Ndinakanikiza ndi zikhatho monga anandiphunzitsira anamwino. Ndinakuwira mwana wamkazi wa aneba kuti akaitane a Tsoka ndi njinga yamoto. Atatu pa njinga: a Tsoka kutsogolo, odwala pakati, ine kumbuyo, dzanja lina m'chiuno mwawo, lina pa mwendo. Pa mlatho mutu wawo unagwera paphewa langa. Ndinawatsina. Anati: "Ndilipo." Kuchokera pamenepo ndinkawatsina pa dzenje lililonse.

Kuno anatsuka phulusa lonse, anasoka mabala awiri, bandeji yolimba, dilipi. Magazi anachepa m'thupi. Lachinayi anawaonjeza botolo limodzi, anapereka ndi a Tsoka. Akuti tsopano mchimwene wawo ayamba kukonda bawo ngati iwo.

Adokotala sanakalipe. Anajambula mwendo pa pepala. Khungu apa, mtsempha wa chibuma uko, m'kati. Msundu umayamwa pamwamba pokha. Magazi onse anatayika aja anali abwino. Chibuma chili pomwe chinali.

Mapiritsi anaimitsa kaye kuti mabala atseke. Ndiye Lachinayi, Lachisanu, palibe chogwira chibuma. Akamwa, achucha. Akapanda kumwa, chithothoka. Ndinakhala pa simenti m'mbali mwa bedi kuyang'ana chifuwa chikukwera, chikutsika. Anamwino anandithamangitsa katatu kuti ndikadye.

Lamulungu, 29 Sepitembala

Piritsi ayambanso lero. Bandeji youma. Ndaiyang'ana ola lililonse.

Miriam sakuwayankhula abambo ake. Amabwera ndi tiyi, kuika pa kabati, kutuluka. Panja analira. Akuti iye ndiye anabweretsa nkhani ya misundu pakhomo pali wodwala wotere. A Gomezgani anabweranso, chipewa m'manja. "Phepani chomene, amama. Ndinayenera kunena poyera kuti isakhudze munthu." Ananena, ndinamva. Kungoti wina anamva zina.

Ine ndinaseka nawo za fotokope zija. Anandifunsa misundu yakwana ingati, ndinawayankha. Ndinabisa lezala, mtsuko n'kuusiya poyera.

Masana odwala ena atagona ndinawafunsa abambo a Miriam chifukwa chake. Kenako, maso ali kudenga: "Ndinkakuonani mukuchokera ku dimba, phewa lina lili pansi. Ine ndili pa mtondo ngati mlendo. Ndinati mwina masiku awiri ndidzuka."

Ndinawakonzera bulangete.

Lachitatu, 2 Okutobala

Kunyumba. Piritsi amwa. Ena ofiira aonjeza, a magazi, ndi ena oti mabala asaole.

Akazi a Tsoka ankathirira mabedi. Asanu ali moyo. Lakumapeto lauma, lija ndinkalinyenga.

Mtsuko Miriam anadzatenga Lachisanu, ndi 24 yake. Kuseri kwa chigafa kwatsala mwala.

Posesa ndapeza kapu kuseri kwa chitseko, mbale yovundikira. Inayi ija. Yonenepa ngati zala zazikulu, ikadali moyo m'timadzi. Ndinaimbira Miriam, akuti ilibe ntchito, ndithire mchere. Mchere ndinathira. Koma kukataya ku dzala, nkhuku n'kumatola magazi a abambo a Miriam, sindinathe. Ndakumba pansi pa mtengo wa mango, ndakwirira, ndapondapo.

Mphasa ndaotcha. Tigona pa chiguduli kaye.

Loweruka, 5 Okutobala

Piritsi amwa. Chingwe: zala ziwiri ndi theka.

Anthu odzazonda tsiku lonse. Nkhani yafika kale ku chigayo. Kungoti yafika mokhota: akuti a Fredson, amuna angawo, anadzilumika ndi misundu, taonani mwendo waphwa. Agogo ena a bondo anandifunsa ngati yatsalako.

Ndinawauza za mphasa, za botolo la magazi. Amangoti "eya, eya", maso pa mwendo.

Mwini wake phee. Sanavomere, sanakane. Chimenechi ndicho chikundidya. Mumtima mwawo akuti waphwetsa mwendo ndi ndani? Mtsuko unapita, koma chitsime chilipo, chodzaza. Sindingamange nsalu pa dambo lonse.

Lachitatu, 9 Okutobala

Piritsi amwa.

Miriam wabwera, wakhala pansi pafupi ndi abambo ake. Koyamba chichokere ku chipatala. Wawabweretsera makina ometera a batire, osacheka. Ndevu zinafika poti ana amathawa.

Pometa anafotokoza za misundu yanga. Amaimwetsa madzi ena amcherechere mpaka kukhuta, kenako kuiika pa ayezi. Imasanza, malovu n'kutulukira limodzi. Amasefa. Timabotolo ta magazi pamzere: tina dontho la kopanga, tina dontho la msundu, tina topanda kanthu. Wotchi m'manja.

Topanda kanthu tinaundana msanga. Tina tonse tinachedwa. Abambo ake anafunsa kuti nanga wapambana ndani. Miriam anati n'zoyamba chabe, koma chaoneka ndi ichi: kopanga, Lolemba ndi Lachisanu mphamvu yake imodzimodzi. Ka misundu, gulu lina kanaposa kopanga, gulu lina kanafooka, dontho lomwelo. Mpaka atakayeretsa n'kukayeza, sungadziwe kuti wathira zingati. "Ndiye pa khungu la munthu, ababa, msundu umathira m'mene wafunira. Sufunsa kuti mwamwa chiyani m'mawa."

Makina akulirabe. Abambo ake anati: "Ngati manyowa a nkhuku. Chaka china fodya wakuda bii, chaka china kupsa phando lonse. Feteleza uli ndi kapu yake." Miriam anati eya, ndi zomwezo.

Manyowa a nkhuku anatiotchera ekala chaka chimene anabadwa Miriam. Saiwala. Kaya zalowa, kaya amangomusangalatsa mwana.

Kangachepe kaja wandipatsa. Mphasa yatsopano, sopo, mafuta opaka phewa.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ku sikelo ya mwendo ku boma. Ulusi achotsa. Adokotala akuti aziyenda, kuyenda n'kwabwino, ntchito zopepuka ayambe. Mapiritsi mpaka Januwale, mwina kupitirira. Ndinafunsa za ku dimba. Anati madzi a misundu asapondemo ndi phazi losavala, ngakhale kamodzi.

Pobwerera abambo a Miriam anayamba kale kuwerenga: kudula nsonga za mbande, kuchepetsa madzi kuti zikhwime, mizere ya kumunda. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Nkhamenya.

Kuwaletsa sindingathe. Phewa nalo lakana. Magambutsi a Gomezgani anati ndisunge. Ndachotsa nsanza zija, ndawaika pakhomo. Abambo a Miriam anawayang'ana, anati nyengo yotenthayi munthu avale mphika ku mapazi? Zaka makumi atatu akutunga pa chitsime chija osavala kanthu.

Ndinati mukapita opanda amenewa ndikakhala kwa Miriam. Sindinawauzepo zotero chikwatirane. Anangoti: "Mwamva kutentha, amake Miriam."

Lachitatu, 16 Okutobala

Piritsi amwa. Sanapite. Magambutsi ali pomwe ndinawaika.

Tsiku lonse maso anga pa mapazi awo. Akalowera ku chimbudzi, ine pakona pa nyumba. Mbaula ndinaiiwala, nyemba zapsa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Dzuwa lisanakwere ndinamva kheni ikulira. Ndinatuluka. Avala, onse awiri, buluku alowetsa m'kati. Sanandiyang'ane. Kutsika njira ya ku dimba, pang'onopang'ono, mwendo wakumanzere ukukoka.

Ndinaima pakhonde. Ndiwatsate? Akafika kuseri kwa bango avula, ndani aona?

Pa mtengo wa mango anaima. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Anabwerera.

Ndinati basi, awataya. Anakhala pa mtondo, anavula yakumanzere, anaikweza ku dzuwa, diso limodzi lotsinzina. Kuchidendene kang'alu, kochepa ngati mbewu ya mpunga. Akuti anamva mame akulowa. Ine mwezi wathunthu ndikuvala, sindinakaone.

"Amake Miriam, sulushoni ya njinga ija ili kuti? Apa msundu wanjala ulowa."

Adula chubu chakale, apala ndi mwala, amata. Andiuza ndithire madzi m'gambutsi tione ngati ikudontha. Sikudontha. Akuti tiyesenso ndi inzake, sitinaione bwino. Kenako: kodi piritsi la lero mwandipatsa? Ndinali ndisanawapatse. Koyamba kuiwala.

Amwa. Chingwe sindinayeze, chili penapake m'nyumbamo. Akundiitana, akuti madzi aja achepa, ndidzaze mpaka pakamwa